Makiyi a webusaiti yanu ali ndi ndani?



Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntchisi, ndipo nkhani yomwe ndabwera nayo lero ndi ya webusaiti. Ndikudziwa kuti ena akangoona mawu amenewa atembenuza pepala, ati izi n'za anthu a m'tauni. Tadikirani kaye. Kwathu kuno webusaiti idakhalitsa mwana wasukulu pakhomo sabata ziwiri anzake akuphunzira, idayambanitsa munthu ndi mlongo wake, ndipo ine amene ndidali patsogolo kudzudzula wolakwa ndidadzapezeka ndikuchita zomwezo.

Mtsikanayo adali Fomu 3. Ndalama za sukulu ankamulipirira ndi malume ake omwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Teremu ili pafupi kutsegulira, malumewo adatsegula webusaiti ya sukulu yathu pafoni yawo, adaona ndalama zomwe zidalembedwapo, n'kutumiza ndendende. Sadadziwe kuti zomwe ankawerengazo zidali za zaka ziwiri zapitazo, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi idali itazisintha kale kawiri. Mayi a mwanayo atawauza kuti ndalamazo zaperewera, malumewo adaimba nambala ya foni yomwe idali pawebusaitipo kuti amve zoona. Nambalayo idali ya mphunzitsi wamkulu yemwe adasamutsidwa kalekale, ndipo siinkagwiranso. Basi, adangoti mlongo wawo akufuna kuwadyera thukuta, ndipo adanenetsa kuti saonjezera ngakhale tambala.

Mayiwo adachita manyazi kutumiza mwana kusukulu ndi ndalama zosakwana. Patatha sabata ziwiri adabwera okha kuofesi, atanyamula foni yobwereka momwe mudali chithunzi chomwe achimwene awo adatumiza. Adakhala pabenchi, adatiyang'ana tonse amene tidali mmenemo, n'kufunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, tandiuzeni, wabodza ndani pamenepa, ine kapena sukulu?" Palibe adayankha msanga. Chithunzicho chidali ndi dzina la sukulu yathu ndi chizindikiro chathu. Bodzalo lidali lathu.

Webusaitiyo idabwera mwachikondi. Ophunzira athu akale omwe ali pantchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre adasonkha ndalama, n'kulemba ganyu mnyamata wina wa ku Lilongwe kuti aipange. Idatuluka yokongola: zithunzi za makalasi, timu ya mpira wamanja, mbiri ya sukulu, mawu a mphunzitsi wamkulu. Tsiku loitsegulira tidaunjikana pa laputopu imodzi m'chipinda cha aphunzitsi, tikuomba m'manja ngati tagula galimoto. Palibe mmodzi wa ife amene adafunsa funso lomwe lidali lofunika kuposa onse, lakuti mawa tikafuna kusintha mawu amodzi, asinthe ndani?

Yankho tidalipeza teremu yotsatira. Chilichonse chikasintha, kaya tsiku lotsegulira, kaya ndalama, kaya mphunzitsi watsopano, tinkalemba uthenga kwa mnyamatayo pa WhatsApp, n'kumutumizira kangachepe pafoni, kenako n'kudikira. Nthawi zina sabata, nthawi zina mwezi. Uthenga wofulumira unkafika pawebusaiti zinthu zitachitika kale. Mphunzitsi wamkulu ataphatikiza ndalama zomwe tidatumiza m'chaka chimodzi, adapeza kuti zikadatha kugula choko cha teremu yathunthu. Adalamula kuti tisiye. Kuyambira pamenepo webusaiti idaima ngati wotchi yakufa, komabe inkaoneka kwa aliyense padziko lapansi ngati yamoyo. Kuopsa kwake n'kumeneko. Chikalata chakale chokhomedwa pakhoma chimafiira ndi dzuwa, munthu amadziwiratu kuti n'chakale. Pa intaneti chakale ndi chatsopano zimawala mofanana.

Ine dipuloma yanga ndi ya Masamu, koma popeza ndine ndekha amene ndidali ndi laputopu, adandipatsanso phunziro la kompyuta. Choncho nkhani ya mayi aja itachitika, aliyense adayang'ana ine. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo posakhalitsa mnyamatayo adatilembera kuti ndalama ya pachaka yosungira webusaiti yakwera chifukwa amalipira m'madola. Ndidakwera minibasi mpaka pa Mponela, n'kugwira ina ya ku Lilongwe, mtima uli m'mwamba, nditakonzeka kukamulalatira.

Ndidapeza munthu wofatsa, wotopa, wokhala ndi ntchito za anthu ambiri pa laputopu imodzi. Nditamufunsa chifukwa chake sadatipatse njira yoti tizisintha tokha, adanditsegulira mkati mwa webusaiti yathu. Mudali mizeremizere ya zilembo ndi zizindikiro, ndipo tsiku lotsegulira sukulu lidabisika pakati pa zonsezo ngati singano m'mulu wa madeya.

"Aphunzitsi," adatero, "mukafufuta kachizindikiro kamodzi apa, tsamba lonse lisokonekera. Kenako mudzandiimbira usiku kuti ndakuonongerani zinthu."

"Nanga achimwene, palibe njira ina yopangira?"

Adakhala chete pang'ono. "Ilipo. Koma simudaifunse, ndipo kunena zoona, kangachepe komwe mumatumizako n'komwe kamandigulira bandulo."

Sindidathe kumukalipira. Adanena zoona zake, ndipo adavomera kutipatsa zonse zomwe zidali m'manja mwake.

Ulendo umenewo ndi womwe udandiphunzitsa kuti webusaiti ili ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ndikupempha aliyense amene akuganiza zokhala nayo azimvetse asadatulutse ndalama. Choyamba ndi dzina, lomwe amalitcha domain, lija timalemba pofuna kuipeza, lothera ndi .com kapena .mw. Dzinali silogula kamodzi, limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo mwini wake ndi yemwe adalembedwa m'kaundula. Mayina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi a Malawi SDNP. Lathu lidalembedwa m'dzina la mnyamata uja, kutanthauza kuti akadasowa, sukulu ikadataya dzina lake lomwe. Chachiwiri ndi malo osungira, omwe amati hosting, kompyuta ya kampani ina yomwe siizima usana ndi usiku, komwe timachita lendi. Chachitatu ndi zomwe anthu amawerenga: mawu, zithunzi, masiku ndi mitengo. Ziwiri zoyambazo zimafuna wodziwa, koma kamodzi pachaka. Chachitatucho chimasintha sabata ndi sabata, ndipo sichifuna katswiri. Chimafuna munthu amene akudziwa zomwe zachitika pasukulu.

Njira ina yomwe mnyamata uja ankanena ndi mapulogalamu omwe amalekanitsa mamangidwe a webusaiti ndi mawu ake. Wodziwa amamanga kamodzi, kenako mwini amalowa ndi pasiwedi yake, n'kupeza bokosi loyera lolembamo, ngati mmene timalembera uthenga pafoni. Yodziwika kwambiri ndi WordPress, yomwe adayambitsa ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little mu 2003. Pulogalamuyi ndi yaulere, aliyense atha kuitenga, ndipo lero mwa mawebusaiti 10 alionse padziko, oposa 4 amayendera iyo. Ziliponso zina monga Joomla ndi Drupal, nazonso zaulere. Ndidadabwa kuti chinthu chomwe tidavutika nacho zaka ziwiri chidali ndi mankhwala omwe adapezeka ine ndili ku pulayimale.

Powerenga mbiri ya zimenezi kuti ndikaphunzitse ana a Fomu 3, ndidapezanso china chomwe chidandikhudza. Tim Berners-Lee, yemwe adayambitsa mawebusaiti ali ku CERN pafupi ndi Geneva, adalemba ganizo lake mu 1989, ndipo pulogalamu yoyamba yomwe adapanga mu 1990 siidali yongowerengera. Munthu ankatha kuwerenga tsamba komanso kulemba ndi kusintha masamba ake pomwepo. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi cholinga chidali choti mwini nkhani azilemba yekha. Zoti timagwada kwa munthu wina kuti atisinthire tsiku lotsegulira sukulu zidangobwera m'njira.

Tchuthi cha Disembala chaka chimenecho ndidachithera pa ntchitoyi. Masana ndinkatchaja laputopu pa sola ya sukulu, madzulo n'kukakhala pakhonde la Fomu 4 pomwe netiweki imagwirako bwino. Ndidalakwitsa kambirimbiri, ndipo kawiri konse ndidafufuta zonse n'kuyambiranso. Ndidasankha maonekedwe aulere osavuta, ndidachepetsa masamba kuchoka pa khumi ndi angapo kufika pa asanu: za sukulu, zidziwitso, ndalama zolipira, zithunzi, ndi momwe mungatipezere. Zithunzi ndidazichepetsa kukula kuti kholo lomwe lili ndi bandulo yochepa lisathe ndalama pongotsegula tsamba loyamba. Dzina la webusaiti tidalisamutsira ku imelo ya sukulu, osati ya munthu.

Ndalama zidatsika ndithu. Zomwe zidatsala ndi ziwiri zokha zapachaka, ya dzina ndi ya malo osungira. Dzina la .com nthawi zambiri limakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka, ndipo webusaiti yaing'ono ngati yathu siifuna malo okwera mtengo. Ophunzira akale aja adavomera kumalipira zimenezi Januwale aliyense. Ndalama ya "tisinthireni mawu awa" idatheratu. Tsiku lomwe ndidasintha tsamba la ndalama m'mphindi zitatu, mphunzitsi wamkulu akuona, adandigwira chanza ngati ndachinya chigoli.

Apa ndi pomwe nkhani yanga ikundichititsa manyazi. Pasiwedi ndidasunga ndekha. Sindidachite kukonza kuti zitero, zidangochitika, ndipo zidandikomera. Ana adayamba kunditcha "a Webusaiti". Aphunzitsi anzanga ankabwera ndi timapepala kudzandipempha kuti ndiike chithunzi cha kalabu yawo. Pamisonkhano ya makolo dzina langa linkatchulidwa. Wina akafunsa kuti aphunzire nawo, ndinkayankha kuti ndimuonetsa ndikapeza nthawi, kapena kuti zinthu zake n'zovuta, atha kuononga. Sindidazindikire kuti ndikubwereza mawu a mnyamata wa ku Lilongwe uja liwu ndi liwu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankafuna bandulo, ine ndinkafuna ulemu.

Chaka chotsatira, sukulu ili pafupi kutsegulira, mayi anga adadwala kwambiri kumudzi ndipo ndidapita kukawadwazika kuchipatala. Ndidakhalako sabata zitatu. Nthawi yomweyo ndi yomwe mayina a ana osankhidwa kuyamba Fomu 1 adatuluka, ndipo sukulu inkafuna kulengeza tsiku lofika ndi zinthu zoti abwere nazo. Makolo ndi abale omwe ali kutali adali atazolowera kuti webusaiti yathu tsopano imanena zoona, choncho adaikhulupirira. Koma pamenepo padali tsiku la chaka chatha. Mphunzitsi wamkulu adandiimbira kangapo. Ine foni idali yothima nthawi zambiri, laputopu ndidaisiya ku Ntchisi, ndipo pasiwedi idasungidwa mu laputopumo, m'mutu mwanga mulibe. Mabanja angapo adabweretsa ana tsiku lolakwika, ena atachita kulipira njinga zamoto kuchokera kutali, n'kupeza zitseko zotseka.

Mayi anga adachira, tithokoze Mulungu. Nditabwerera, mphunzitsi wamkulu adayamba wafunsa za matenda, monga mwa mwambo. Kenako adatseka chitseko cha ofesi n'kunena mosakweza mawu kuti, "Aphunzitsi, tidachoka m'manja mwa mnyamata wa ku Lilongwe, n'kulowa m'manja mwanu. Tandiuzeni chomwe chasintha, kupatula kuti inu simutilipiritsa." Ndidalibe poyankha. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pasukulu pathu womva m'mimba adali wina, wosunga kiyi adalinso wina.

Tidagwirizana kuti anthu ena awiri aphunzire. Ine ndidaganiza za mphunzitsi wachinyamata wa Sayansi, koma mphunzitsi wamkulu adasankha mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa Chichewa yemwe amasunganso mabuku a ndalama za sukulu. Chifukwa chake chidali chomveka. Ndalama zikasintha, woyamba kudziwa ndi iwo. Kalata ikachokera kuofesi ya maphunziro, imadutsa patebulo pawo. Komanso akhala pasukulupo zaka zambiri ndipo adamanga nyumba pafupi, pomwe ife achinyamata timasamutsidwa nthawi ina iliyonse. Mayiwo adakana poyamba. "Ine zamakompyutazi zidandipitirira, mwanangu," adatero. Ndidawafunsa ngati amatumiza mauthenga kugulu la amayi a kutchalitchi kwawo pa WhatsApp. Adati tsiku lililonse, ndi zithunzi zomwe. Ndidawauza kuti ndiye akudziwa kale gawo lalikulu la ntchitoyi.

Mantha akuti wina aononga ali ndi yankho mkati mwa pulogalamuyo, ndipo ine ndinkalidziwa nthawi yonseyi. WordPress imalola kupatsa anthu makiyi osiyana mphamvu. Administrator ndiye amatha kusintha chilichonse, ngakhale kugwetsa nyumba yonse. Editor amatha kulemba, kusintha ndi kutulutsa nkhani ndi masamba, koma sangakhudze mamangidwe. Author amatulutsa nkhani zake zokha. Contributor amalemba koma sangatulutse mpaka wamkulu avomereze. Mayiwo ndidawapatsa Editor. Ana awiri a kalabu ya olemba ndidawapatsa Contributor, kuti azilemba za masewero mayiwo n'kumaona kaye. Kiyi wa Administrator tidaulemba papepala, n'kuika mu envelopu yomata m'kabati ya mphunzitsi wamkulu.

Kuphunzitsako kudatenga masana atatu, pafoni yawo yomwe, osati pa laputopu yanga, chifukwa foniyo ndi yomwe adzakhale nayo ine kulibe. Tsiku loyamba ndidalakwitsa: ndidawalanda foni n'kumadina ndekha mwachangu, iwo akungogwedeza mutu. Mawa lake adali ataiwala zonse. Tsiku lachiwiri ndidaika manja kumbuyo. Iwo ankadina, ine n'kumangoyankhula, ndipo sitepe iliyonse ankailemba m'kope mwawo m'Chichewa chawo: tsegula apa, lemba mutu, lemba uthenga, ika tsiku la lero pamwamba, werenganso kawiri, dina batani lotulutsira. Zidakwana masitepe asanu ndi imodzi. Zina zonse zomwe sadzazifuna sindidawaonetse n'komwe. Ganizo loika tsiku pamwamba pa chidziwitso chilichonse lidali lawo. Adati kalata yopanda deti si kalata.

Kulakwitsa kudabwera, monga ndinkaopera. Loweruka lina adandiimbira mawu akunjenjemera kuti afufuta tsamba lonse la ndalama. Ndidafuna kuthamangira kusukulu, koma ndidadzigwira. Ndidawauza pafoni pomwepo kuti atsegule pomwe palembedwa Trash, chifukwa chofufutidwa sichisoweratu pomwepo, chimakhala pamenepo masiku 30. Adachipeza, adachibwezera okha. Ndidawaonetsanso kuti pulogalamuyo imasunga momwe tsamba lidalili lisadasinthidwe, kotero munthu atha kubwerera ku la dzulo. Kuyambira tsiku limenelo mantha awo adatha, ndipo anga adathanso. Lero ndi iwo amene amandikumbutsa kuti ndalemba molakwika "kuti" ndi "kutí" za m'mutu mwanga, poti Chichewa n'chawo.

Mbiri itamveka, wapampando wa kopaletivu ina ya alimi a soya ndi mtedza adandipeza kuti ndiwapangire yawo, chifukwa ogula a m'tauni ankafunsa komwe angaone mitengo ndi kuchuluka kwa matumba omwe ali m'nkhokwe. Ulendo uno ndidayamba ndi funso lomwe ife sitidafunse: n'chiyani chimasintha kawirikawiri, ndipo amayamba kuchidziwa ndani? Adati mitengo ndi matumba, ndipo wodziwa ndi mlembi wawo. Choncho sindidamuphunzitse mlembiyo webusaiti yonse. Ndidapanga tebulo mu Google Sheets, lomwe amalitsegula pafoni n'kusintha manambala, ndipo tebulolo ndidalilumikiza ku tsamba la mitengo. Iye akasintha nambala, pakapita mphindi zochepa imasinthanso pawebusaiti. Tidagwirizana malipiro kamodzi, a kumanga ndi kuphunzitsa pamodzi, ndi kangachepe ka pachaka koti ndiziona ngati pulogalamu ikufunika kuikonzanso ndi kusunga kope la zonse pamalo ena. Zonsezi tidalemba papepala, komiti yonse idasaina.

Sindikunena kuti aliyense athamangire webusaiti. Mnzanga wina wa golosale pamsika adandifunsa, ndidamuuza kuti asataye ndalama, makasitomala ake onse amadutsa pakhomo pake. Kwa ambiri tsamba la Facebook kapena WhatsApp n'zokwanira, ndipo ofuna kuyesa popanda kulipira atha kuyamba ndi Google Sites, yomwe ndi yaulere. Kungoti kumbukirani kuti pa Facebook ndinu mlendo, malamulo amaika ndi eni ake, ndipo chidziwitso cha lero chimakwiririka ndi cha mawa. Sukulu, chipatala, mpingo kapena kopaletivu yomwe ikufuna malo amodzi okhazikika pomwe munthu wakutali angapeze zoona, imeneyo webusaiti imaithandiza. Koma ngati palibe amene adzaisamale, ndi bwino kusakhala nayo n'komwe kusiyana n'kukhala ndi yonama.

Kwa inu amene mukufuna kulemba munthu ganyu yotereyi, musayambe ndi kufunsa za mitundu ndi kukongola. Funsani kuti dzina lilembedwa m'dzina la ndani, ndipo muumirire kuti likhale la bungwe lanu. Funsani kuti pachaka muzilipira zingati, kwa ndani, ndipo mwezi uti. Muuzeni akuonetseni, inu mutagwira foni yanu, momwe mungasinthire nambala ya foni kapena mtengo, ndipo musamalize kulipira musadachite zimenezo nokha iye akungoyang'ana. Onetsetsani kuti odziwa ndi awiri kapena atatu, ndipo kiyi wamkulu walembedwa n'kusungidwa pamalo otetezeka. Pomaliza mufunseni kuti iye akadzasamuka kapena kudwala, mudzapita kwa ndani. Wopanga wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Safunsa adadya phula.

Kwa achinyamata amene mumapanga mawebusaiti, ena mwa inu ndidakuphunzitsani ndekha, ndikudziwa kuti ntchito ikusowa ndipo kangachepe ka kusintha mawu kamathandiza. Koma taonani zomwe zidachitika kwathu. Ndalamayo tidalipira chaka chimodzi, kenako tidatopa, tidasiya, ndipo mnyamata uja adataya kasitomala pamodzi ndi mbiri yabwino. Mukamuphunzitsa munthu kudzisinthira zazing'ono, webusaiti yake imakhala yamoyo, amaona phindu lake, amalipira ya pachaka mosanyinyirika, ndipo akafuna chachikulu amabwerera kwa inu. Ikani mtengo wa kuphunzitsa m'malipiro anu poyera. Mmisiri womanga nyumba sasunga kiyi kuti mwini azimulipira akafuna kulowa. Amadya za nyumba yachiwiri yomwe mwiniyo wamulozera.

Chenjezo limodzi lokha. Kupereka makiyi kumafuna malamulo a pakhomo. Kwathu tidagwirizana kuti chidziwitso cha ndalama kapena masiku chisatuluke mphunzitsi wamkulu asadachione, ndiponso kuti sitiika zotsatira za mayeso za mwana ndi dzina lake, kapena chithunzi chake, popanda chilolezo cha makolo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, komanso ngakhale pakadapanda lamulo, mwana amene walephera mayeso sayenera kukhomedwa pamaso pa dziko lonse. Tidagwirizananso kuti aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo wosamutsidwa, kiyi wake azimitsidwa tsiku lomwelo.

Mtsikana uja adalemba mayeso ake a MSCE. Malume ake ndi mayi ake adayanjana mphunzitsi wamkulu atawaimbira yekha n'kupepesa m'malo mwa sukulu, ngakhale ndikudziwa kuti mawu ena omwe adalankhulana nthawi imeneyo sadzaiwalika. Sabata ziwiri zomwe mwanayo adataya palibe adamubwezera.

Teremu yathayi tsiku la msonkhano wa makolo lidasintha mwadzidzidzi chifukwa cha maliro m'mudzi. Ine ndidamva nkhaniyi mochedwa, ndili m'kalasi. Pa nthawi yopuma ndidatulutsa foni mwachizolowezi kuti ndikonze chidziwitso, n'kupeza chasinthidwa kale, tsiku lili pamwamba, Chichewa chake chosalala kuposa changa. Ndidasuzumira pawindo. Mayi aja adali pansi pa mtengo wa mango, magalasi ali pamphuno, akubweza foni m'chikwama kuti akaphunzitse Fomu 2. Ana adasiya kunditcha "a Webusaiti". Masiku ano ndine wa Masamu basi, ndipo ndikapita kumudzi kukaona mayi anga, foni ndimatha kuizimitsa.

Mphunzitsi,
Ntchisi